Makaroni a Edesi ndi Phula la a Tsokalida

Ana inu, aphunzitsi akakuuzani kuti mwambi uja wa munthu wosafunsa udachokera kwa makolo akalekale, ingovomerani, musakangane nawo. Koma mukaweruka mubwere ndikuuzeni komwe udachokera. Ine sukulu ndidalekezera Sitandade 3, chifukwa ine ndi ahedi sitidamvane pa nkhani ya mango a kuseri kwa ofesi, koma nkhani iyi ndikuidziwa kuposa buku. Ndidalipo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umachita kuwira.

Kwathu ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango, kuli asuweni anga dzina lawo a Tsokalida. Ndi mlimi wa njuchi, ndipo pa nkhani ya uchi ndi phula palibe angawapose. Vuto lawo lidali limodzi: m'kamwa mwawo simunkatuluka mawu oti "kodi". Akasochera, ankalolera kuzungulira phiri tsiku lonse kusiyana n'kufunsa njira kwa mayi wotola nkhuni.

A Tsokalida ndi akazi awo, Nagama, ndiwo adalera Edesi, mwana wa malemu mlongo wawo. Edesi atakula adapeza ntchito m'sitolo ku Lilongwe, ndipo komweko adapeza mnyamata womufunsira, dzina lake Matiyasi. Adagwirizana kuti akwawo kwa mnyamatayo adzabwere kumudzi mu Novembala kudzamanga unkhoswe.

Mwezi wa Ogasiti Edesi adabwera ndi katoni pamutu. Ine ndidali pakhonde pomwepo, poti pomwe patsika katundu sindisowa.

"Malume, awa ndi makaroni," adatero Edesi, akuonetsa mapaketi a tizinthu touma, tabowo pakati, ngati timabango todulidula. "Azakhali ake a Matiyasi amawakonda. Ndadzimana zambiri kuti ndiwagule, ndiye ndikawasiya kutauni anzanga okhala nawo nyumba andidyera. Mundisungire kuno. Alendo aja akadzabwera tidzawaphikire ndi nkhuku, asadzanene kuti Matiyasi wakatola mkazi kutchire."

Wakabaza yemwe adamubweretsa adali ataima panjira, akuliza belu. Edesi adathamanga, koma adatembenuka.

"Kasungidwe kake mukukadziwa, malume? Mukakayika mundiimbire foni!"

"Iwe mwana, pita basi ingakusiye," adayankha a Tsokalida. "Ine ndasunga mbewu ya chimanga, nyemba ndi mtedza iwe usanabadwe. Tizinthu timeneti tingandivute?"

Edesi atapita, a Tsokalida adanyamula paketi imodzi, kuitembenuza uku, kuitembenuza uko, kuinunkhiza. Ndidaona ndi maso angawa kuti sakudziwa kanthu. Inenso sindinkadziwa. Makaroni ndidawadyapo kamodzi kokha, pa ukwati wina ku Mponela komwe eni ake adaiwala kundiitana, ndipo kukoma kwake kudali kukadali pa lilime.

"Asuweni, foni ili m'thumba mwanumo. Imbani mumve," ndidatero.

"Iwe ungandilangize ine? Iwe wogulitsa mankhwala a makoswe omwe makoswe amanenepa nawo?"

Nagama naye adayesa. "Bambo, nanga tikadangomufunsa mwiniwake, chikadalakwika n'chiyani?"

"Ndifunse mwana yemwe ndidamupukuta mamina? Mawa azidzandiphunzitsanso kuvala buluku?"

Tsono mverani nzeru zomwe adapanga. Adati mdani wa chakudya chouma ndi nankafumbwe ndi khoswe, ndipo pamenepo sadaname. Adatinso pulasitiki amachititsa mbewu thukuta, choncho adang'amba mapaketi onse n'kukhuthulira makaroni mumtsuko waukulu. Kukamwa kwa mtsukowo adatsekapo ndi chibuma cha phula, monga amachitira ndi mtsuko wa uchi, kuti pasalowe ngakhale nyerere. Atatero adakweza mtsukowo pa nsanja ya m'khitchini, pamwamba penipeni pa moto, pomwe timapachika ngala za chimanga cha mbewu kuti utsi uzithamangitsa tizilombo.

Adatsika akupukuta manja. "Nankafumbwe akalowa umu, mudzanditche dzina lina."

Nankafumbwe sadalowe, pamenepo ndiwaikire umboni. Koma khitchini ya a Tsokalida ndi ya malata, denga lake lalifupi. Itafika Okutobala, dzuwa linkaotcha pamwamba, moto wa Nagama unkaotcha pansi, mtsuko uli pakati. Tsiku lina atakwera kukaona, adapeza chibuma chija chaphwa, chachita dzenje pakati. Munthu wina aliyense akadadzifunsa kuti phulalo lapita kuti. Iwo sadafunse ngakhale mtima wawo. Adangotsika n'kulunjika kwathu.

"Iwe, phula langa ukuligulitsa kuti?"

Ana inu, anthu andinamizirapo zambiri m'mudzi muno, ndipo zina ndimangozisiya poti zimafananako ndi ine. Koma phula? Phula lakuda ndi utsi?

"Asuweni, mukadanena uchi ndikadamva. Phula ndichite nalo chiyani, ndine njuchi ine?"

Sadamve. Adaumba chibuma china chachikulu kuposa choyamba n'kutsekapo. Nachonso chidaphwa. Adaikapo china, nagula loko wa pakhitchini chifukwa cha ine. Phula lidapitirirabe kusowa, loko ali chitsekere, koma munthu uja osadabwa. Ankangoti, "Wakubayu ndi wochenjera," akundiyang'ana ine.

Tsiku la unkhoswe lidafika. Edesi adabwera pa galimoto limodzi ndi alendo, choncho sadapeze mpata wolowa kukhitchini. Adamutengera kunyumba ina kuti adikire kuitanidwa, monga mwa mwambo. Otsogolera alendo adali awiri: a Chigadula, malume ake a Matiyasi, munthu wofatsa wa jekete lotuwa, ndi Nakwenda, azakhali aja okonda makaroni, mayi wa maso akuthwa amene ankaona chilichonse mpaka ndodo ya tsache.

Kukhitchini Nagama adatsitsa mtsuko, nachotsa chibuma, naupendeketsa. Simudatuluke kanthu. Adaugwedeza, koma zii. Mapeto ake adauswa ndi munsi. Chomwe chidatuluka chidali chinthu chimodzi chachikulu, chachikasu, chooneka ngati mtsuko womwewo, chonunkhira uchi ndi utsi. Phula lonse lomwe ankandinamizira lija lidali mmenemo. Lidasungunuka pang'onopang'ono n'kulowa m'kabowo ka kakaroni kalikonse.

Nagama adagwira pakamwa. "Mayo ine! Bambo, ndikamunong'oneze Edesi adzaone."

"Ukamunong'oneze chiyani alendo ali pabwalo? Ukufuna amve kuti nyumba ino sitidziwa chakudya? Akakhwima amatero amenewa. Bweretsa chikwanje."

Apa mpomwe ndimapsera mtima kwambiri. Mwanayo adali pafupi, m'nyumba ya kuseri kwa nkhokwe chabe. Mpunga udalipo m'nyumba, ukadaphikidwa msangamsanga, nkhani ikadathera kukhitchini komweko. Koma ayi, bambo wamkulu adadula chinthu chija ndi chikwanje ngati akuwaza nkhuni, naponya zidutswazo m'madzi owira. Posakhalitsa pamwamba pa madzi padayandama mafuta achikasu.

"Mwaona?" adatero a Tsokalida, chifuwa chili patsogolo. "Opanga ake adaikiratu mafuta. Mukuyesa ndi opusa? Usawataye amenewo, ndiwo mtima wake."

Nagama adathira tomato ndi msuzi wa nkhuku, napakula m'mbale zagalasi zobwereka. Kunena zoona, zikutentha zinkaoneka bwino, zinkachita kunyezimira. Ine malovu adadzadza m'kamwa. Koma mbale zitaikidwa pamphasa, a Tsokalida adaimirira kuti alandire alendo ndi mawu. Adayamba ndi mbiri ya agogo awo, napita ku ming'oma yawo ya njuchi, nabwerera kwa agogo aja. Pomwe ankati "tiyeni tisambe m'manja," chakudya chidali chitazizira.

A Chigadula adabaya ndi supuni. Potukula, chakudya chonse cha m'mbale chidanyamuka pamodzi ngati chigumu. Adanyema kachidutswa mwaulemu naika m'kamwa. Adatafuna, natafuna, natafunabe. Nsagwada zinkayenda koma kummero sikunkatsika kanthu. Nakwenda sadalawe n'komwe. Adangonunkhiza, nakanda ndi chikhadabo, naika mbale pansi.

"Makaroni ndimawadziwa ine," adatero. "Umu muli chinthu china. Tidamva kale kuti kuno kunkhalango kuli mitengo yopusitsa amuna. Mwayambira ife kuti mukathere kwa Matiyasi? Mukufuna mwana wathu azidzakokedwa ngati mbuzi ya pachingwe? Alamu, lavulani, tiyeni tizipita."

Adanyamula chikwama chake. Wina adathamanga kukaitana Edesi. Mwanayo atafika adagwada, nayang'ana m'mbale, nakhudza ndi chala. Sadalire mokweza ayi. Misozi inkangotsika yokha.

"Malume, mwawatani makaroni anga?"

Nkhope imeneyo sindidzaiwala. Mwana wamasiye, wodzimana sopo ndi nsapato kuti akwawo aoneke ngati anthu, ukwati wake ukutha pamphasa chifukwa munthu wamkulu adaopa kunena kuti "sindidziwa".

A Chigadula adalavulira m'kampango, nalankhula mofatsa. "Tisathamange, alamu. Ngati mulibe mankhwala, mwini nyumba adye tione. Osati kulawa chabe. Mbale yanga ndi yanuyo, zonse."

A Tsokalida adayang'ana kwa akazi awo. Nagama adayang'ana kumwamba. A Tsokalida atayang'ana kwa ine, ine ndidawasunthira mbale pafupi. Akadakana, alendo akadakwera galimoto ndi mbiri yoti mbumba yathu imadyetsa anthu mankhwala. Choncho adakhala pansi nayamba kudya.

Ana inu, phula silitafunika ndipo silimezeka. Limamatirira m'mano, kunkhama, pansi pa lilime. Thukuta lidayenderera mpaka m'kolala. Maso adatuluka ngati a nkhanu. Ine, poti ndine wachifundo, ndidawatungira madzi ozizira bwino a mumtsuko kuti atsitsire, ndipo phula lija lidalimbiratu. Ana adakwera pa mpanda kudzaonerera. Mbale yoyamba idatha, yachiwiri idafika pakati, munthu akungobuula.

Apo Nagama adalephera kupirira. Adagwada pamaso pa alendo nafotokoza zonse: za mapaketi ong'ambidwa, za mtsuko, za nsanja, za phula lomwe linkasowa. Adanenanso kuti ine adandinamizira, ndipo ndidaonetsetsa kuti mawu amenewo abwerezedwe kuti akumbuyo amve.

Nakwenda adakhalanso pansi. "Kodi bambo, musanachite zonsezi mudafunsa ndani?"

A Tsokalida adayesa kuyankha, koma nsagwada zidali zitagwirana.

"Nanga iwe mwana," Nakwenda adatembenukira kwa Edesi, "akadakufunsa ukadawauza chiyani?"

Edesi adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndikadangoti asang'ambe mapaketi. Awaike m'ndowa youma ya chivundikiro cholimba, aiike pa mpando kuchipinda kozizira, kutali ndi moto, chinyezi, parafini ndi sopo. Basi."

Basi! Mawu oti sangathe ngakhale mayunitsi a foni. Miyezi yonse ija ya kukwera pa nsanja, loko, kunditukwana ine, zonsezo m'malo mwa mawu ochepa chonchi.

Alendo adapita kuseri kukanong'onezana. Atabwerera, a Chigadula adati: "Mankhwala mulibe, taona. Mwanayu timufuna, alibe mlandu. Koma bambo awa asakhale nkhoswe ya ukwati umenewu. Ntchito ya nkhoswe ndi kufunsa. Ana akayambana, nkhoswe imati, kodi chavuta n'chiyani, kodi wayamba ndani? Awa adzangotseka nkhani ndi phula n'kuiika pamoto. Mutipatse munthu wina."

Unkhoswe udaperekedwa kwa mng'ono wa a Tsokalida, munthu amene iwo ankamutuma ngati mwana. Kwa mwini mbumba palibe manyazi oposa amenewo. Nagama adaphika mpunga, alendo adadya ndi nkhuku yotsala, ukwati wa Edesi udapulumuka pang'onong'ono. A Tsokalida adagona masiku angapo m'mimba mutauma ngati mwala, mpaka adawatengera kuchipatala pa njinga. Kumeneko adokotala atafunsa kuti adadya chiyani, Nagama ndiye adayankha pamaso pa odwala onse: "Awa safunsa, adadya phula."

Amayi omwe adali pamzere adawatola mawuwo, nawafikitsa kumjigo, kuchigayo, kumsika, mpaka adafika m'mabuku anu a kusukulu.

Safunsa adadya phula. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene amachita manyazi kufunsa chinthu chomwe sachidziwa amadzigwetsa m'mavuto oti akadawapewa ndi mawu amodzi. Kudziwa njuchi sikudziwa makaroni. Nzeru yomwe idasunga mbewu ya chimanga ndi yomweyo idaononga chakudya cha alendo, chifukwa chinthu chachilendo chili ndi malamulo ake, ndipo wochidziwa akhoza kukhala mwana amene mudamupukuta mamina. Choipa kwambiri n'chakuti wosafunsa savutika yekha. Edesi adatsala pang'ono kutaya banja, Nagama adataya mtsuko wake wabwino, ndipo ine ndidatchedwa wakuba phula popanda kulawa ngakhale kakaroni kamodzi.

Masiku ano Edesi akabwera ndi katoni amapereka m'manja mwa Nagama, ndipo ndowa ya chivundikiro ili pa mpando kuchipinda. A Tsokalida akamva fungo la makaroni amanyamuka n'kupita kukaona njuchi zawo. Za loko uja sadandipepesebe mpaka lero. Ndikadutsa pakhomo pawo ndimaima n'kufuula kuti, "Asuweni, kodi phula lija lidapezeka?" Ine ndiye ndimafunsa.