Filesi ndi Kompyuta ya Pachipata

Khalani chete, manja pamaondo. Kalekale, m'tauni ina munali kampani yopanga zitseko zachitsulo. Eni ake anatopa kuwerenga makalata ofunsira ntchito, choncho anaika kompyuta kuti izisankha anthu. Kompyutayo inalibe m'bale, inalibe mnansi, inalibe chisoni.

M'tauni momwemo munali mtsikana wodziwa kuwotcherera zitsulo, dzina lake Filesi. Malume ake, a Chikakuda, anamuuza kuti, "Mvula ikagwa usanalembedwe ntchito, ukubwerera kumudzi. Mwamuna ndakupezera kale, wabutchala uja."

"Wa akazi awiri uja, malume? Ine ayi!"

"Tiona mvula ikagwa."

Filesi analemba sivi yake, chikalata chofotokoza sukulu ndi ntchito zimene munthu wagwirapo. Anaikongoletsa ndi maluwa m'mbali, chithunzi pamwamba. Kompyuta inasokonezeka ndi maluwawo, inaitaya. Analembanso modandaula kuti, "Ndine wamasiye, bwana, ndagwira mwendo wanu." Kompyuta inatayanso.

Mitambo inayamba kuda. Pamenepo Jailosi, wotayipa makalata pamsika, anamunong'oneza. "Achemwali, ife timabisa mawu ndi zilembo zoyera papepala loyera: injiniya, manijala, dalaivala. Munthu saona, kompyuta imaona."

"Ndine dalaivala ine?"

"Aaa, adzafunsa ndani?"

"Achimwene, kompyutayo ndi chitsulo, ndipo chitsulo ndimachipinda tsiku ndi tsiku. Ndinalakwa kuchigwadira, ndipo kuchinamiza sindichinamiza."

Filesi anatenga chilengezo cha ntchito nachiwerenga mofatsa. Anachotsa maluwa, anachotsa chithunzi, anachotsa madandaulo. Analemba mizere yowongoka: dzina pamwamba, ntchito pakati, sukulu pansi. Pamene chilengezo chinati kuwotcherera, iyenso analemba kuti kuwotcherera, pakuti zinali zoona. Zimene sankadziwa anazisiya.

Kompyuta inamulola. Inalolanso anyamata amene Jailosi anawatayipira masivi, mainjiniya a zilembo zoyera aja. Koma kuseri kwa kompyuta kunali kapitawo, ndipo anapatsa aliyense zitsulo ziwiri.

"Lumikizani."

Anyamata aja anayang'anana, anakanda m'mutu, anatuluka pachipata. Filesi anatsitsa chophimba kumaso, moto unathetheka, zitsulo zinagwirana.

Mvula inagwa Filesi ali mu ovolosi ya kampani. A Chikakuda atabwera kudzamutenga, iye anawalonjera mwaulemu nati, "Malume, mukamuuze wabutchala kuti akafuna chitseko abwere, ndimuwotcherera. Koma mkazi akafune kwina."

Ana inu, mvetsani. Pofunsira ntchito lembani zoona, lembani mwadongosolo, ndipo musagwadire makina. Nthano yanga yathera pamenepa. Bwezani mipando m'malo mwake musanatuluke.