Buledi wa Batani

Kunyumba kwa telala wina wokalamba, galu ndiye anali mwana wotsala. Ana enieni adakula n'kubalalika, koma Batani, galu wakuda wa imvi kukamwa, adakalamba nawo limodzi. Masana ankagona pansi pa makina osokera, mutu atatsamira phazi la mbuye wake. Choncho chotupa cha m'khwapa mwake chitakula mpaka kumutsimphinitsa, telala ndi mkazi wake adapita naye kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, adamukweza pa sikelo, n'kumutukula mlomo kuti aone nkhama, kenaka n'kumvetsera mtima wake nthawi yaitali. Adamutenganso magazi.

"Mtima wakalamba, koma upirira," adatero. "Chotupachi tichotsa mawa. Akadya madzulo ano, basi, m'mawa asalawe kanthu. Galu tikamugoneka ndi mankhwala m'mimba muli chakudya amasanza, ndipo masanziwo amalowa m'mapapo."

"Mwamva, abambo?" adatero mkazi wa telala. "Akunena inu."

"Ngati wogontha ndine," mkuluyo adayankha.

Kutacha, telala adakhala pa tebulo ndi tiyi wake. Batani adabwera n'kuika chibwano pa bondo lake monga mwa masiku onse. Sadauwe, sadalire, adangoyang'ana. Mkuluyo adatembenukira kukhoma, koma maso a galu ankamuboolabe. Mumtima adati, nanga akapanda kudzuka pa tebulo la dokotala, apite ndi njala nditamumana ine? Adasuzumira kukhitchini, n'kunyema buledi, n'kumupaka majarini mbali zonse ziwiri. Batani adameza kamodzi n'kamodzi.

Kuchipatala, dokotala adapapasa mimba ya galu n'kukwinya nkhope.

"Wadya?"

"Ayi," adatero telala, maso ali pa kalendala ya pakhoma. Mkazi wake anali kalikiliki kufunafuna kanthu m'chikwama.

"Mimbayi ikundikayikitsa. Ngati wadya nenani, si mlandu. Tingosintha tsiku."

Mpata woulula unalipo, koma manyazi adamuletsa mkuluyo. "Adokotala, imvi zonsezi ndinganame?"

Dokotala adabaya jakisoni woyamba, wongofooketsa galu asanamugoneke. Miyendo ya Batani idalefuka, maso adalemera, ndipo mwadzidzidzi mimba idadukula. Dokotala adamuweramitsa mutu msanga n'kumuchotsa masanzi kukamwa, koma galu anali atatsamwa kale. Mpweya wake unkalira ngati makina osowa mafuta. M'masanzi a pa tebulo munali buledi. Pambali pa bulediyo panali zidutswa za chiwindi.

Telala adayang'ana chiwindicho, kenaka mkazi wake.

"Kanali kachidutswa chabe," mayiyo adanong'ona. "Anandiyang'ana."

"Inenso anandiyang'ana."

Dokotala sadakweze mawu. "Tulukani. Ndiyambe ndamupulumutsa kwa anthu omukonda."

Opaleshoni sidachitike tsiku limenelo. Batani adadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala. Telala ndi mkazi wake akapita kukamuona ankamupeza ali pa diripi, nthiti zikuwerengeka, mchira ukuyesa kugwedera n'kulephera. Chotupa nacho sichidadikire munthu, chidapitiriza kukula. Kunyumba telala akamasoka, phazi lake linkafunafuna mutu womwe panalibe. Awiriwo sadalozane chala. Mayi ankangoika tiyi pa tebulo, bambo n'kumusiya kuti azizire.

Galu adachira pang'onopang'ono. Dokotala adamuyezanso mtima, mapapo ndi magazi, ndipo atakhutira adatchula tsiku lina.

M'mawa wa tsikulo mayi adakiya khitchini, kiyi n'kumuponya m'chikwama. Telala adapeza tebulo lili mbee.

"Amayi, tiyi?"

"Lero tonse tili pa opaleshoni."

Mkuluyo adakhala pansi osatsutsa. Batani adabwera akudzikoka, n'kuika chibwano pa bondo. Telala adamusisita makutu.

"Yang'ana mpaka utope, mnzanga. Sindikupatsa."

Kuchipatala dokotala adapapasa mimba, n'kufunsa funso lake. "Wadya?"

Asanayankhe aliyense, m'mimba mwa telala mudalira mokweza. Kwa nthawi yoyamba dokotalayo adamwetulira.

"Ndamva. Dikirani panja."

Adadikira pa benchi manja ali m'manja, ngati achinyamata. Dzuwa litapendeka adawaitana, ndipo adapeza Batani ali maso, bandeji m'khwapa, akunyambita mlomo wouma. Chotupa chinali chitakula moti bala lidatalika kuposa momwe likadakhalira poyamba, ndipo galuyo adatsimphinabe pang'ono moyo wake wonse. Koma kwawo adabwerera.

Telala ndi mkazi wake sanali anthu ankhanza. Chomwe chidatsala pang'ono kuwalanda galu ndi mtima wofewa womwe udalephera kunena kuti ayi m'mawa umodzi wokha. Akulu sadaname: chifundo chidaphetsa msemamitondo.