Maliro Amene Gologolo Anabisa

Kunangoti kale, chaka chimene Mfumu Njati anayambana ndi a Ng'ona polimbirana dambo, Gologolo anali ndi njala yoti nthiti zinkawerengeka. Koma pakamwa, amayi inu, panali ponona!

Anapita kwa Njati nagwada. "Wawa mfumu, nyanga muli nazo, chimene mulibe ndi pakamwa. Ndipatseni mtedza ndi lipenga, nkhondoyi mupambana musanaimenye."

Basitu, m'mawa uliwonse Gologolo pamwamba pa mlambe, lipenga pakamwa. Asilikali a Njati atathawa michira ili m'mwamba, iye anafuula kuti, "Tamverani! Anyamata athu akuphunzira liwiro!" Ena atamira, iye anati, "Palibe wafa! Akwezedwa udindo, akulondera kutsidya!" Mtedza unadzaza nkhokwe, masaya kuchita kuti phwii.

Pakati pa omirawo panali mlamu wake weniweni, Likongwe, mwamuna wa mlongo wake Nachisale. Ndipotu nkhoswe ya ukwatiwo anali Gologolo yemweyo.

"Achimwene," anafunsa Nachisale, "alamu anu bwanji zii?"

"Akwezedwa, chemwali. Phikani thobwa, abwera."

Mayi uja sanalire, sanamete. Ankaphika thobwa, likasasa nkutaya, nkuphikanso lina.

Bodza linanunkha mpaka kubwalo la Njovu, amene ankayang'anira nkhalango yonse. Chigamulo chinatuluka: lipenga lilandidwe, mtengo uliwonse umukane Gologolo, nkhokwe yake imatidwe ndi dothi.

"Atseka lipenga, sanatseke nzeru," anatero Gologolo. Anakanyengerera Chinkhwe, mbalame ija yobwereza mawu. Kutacha, Chinkhwe anakwera pamlambe nakuwa kuti, "Tapambananso! Palibe wafa! Unene choncho, koma usanditchule ine Gologolo, wamva?"

Nkhalango yonse inafa nacho chikhakhali. Gologolo anathamangira kwa Njati, koma mfumu ija inangomuyang'ana ngati chitsa. "Kanyama aka nkayani? Kachotseni, kangandiitanire a Njovu."

Njala itamubwerera, anakumbuka kuti ali ndi mlongo. Atafika pamudzi anapeza masamba ataikidwa pamsewu, amayi ali bii pakhonde, nyimbo za maliro zili mkati. Kakowa, amene amayenda m'mphepete mwa madzi, anali atatola mkanda wa Likongwe pamchenga nabwera nawo. Poti mtembo panalibe, adzukulu anakulunga thunthu la nthochi mumphasa kuti akaike m'manda.

Gologolo anati azembe, koma Nungu, mkulu wa adzukulu, anamutsekera njira minga ili njo.

"Mwafika bwino, ankhoswe. Abale a malemu akana kuti tinyamule mphasa mpaka akuchikazi afotokoze mmene mwana wawo anafera ali mkamwini pamudzi panu. Mwambo mukuudziwa."

"Pakhosi pandiuma, akulu."

"Thobwa lilipo," anatero Nachisale, osadzutsa mutu. "Losasa. Ndinaphikira alamu anu."

Gologolo anaimirira. Maso onse pa iye.

"Zikomo mafumu, zikomo anamfedwa. Alamu athuwa, kunena zoona, tinganene kuti anakwe…"

"Achimwene."

Liwu limodzi lokhalo, lapansipansi. Gologolo anayang'ana mlongo wake: maso otupa, mkanda uli m'manja. Anafunafuna bodza m'mutu monse, koma lomwe likanakwana pamaliro silinapezeke.

"Anamira tsiku loyamba la nkhondo," ananong'ona.

"Kumbuyo kuno sitikumva!" anakuwa apongozi a Nachisale.

"Anamira tsiku loyamba! Ndinaona ndi maso angawa ndili mumtengo. Ndinabisa chifukwa cha mtedza."

Panalibe anamumenya, ndipo bola akanamumenya. Akazi ena amasiye, amene ankadikirabe amuna awo okwezedwa udindo, anayamba kufunsa mmodzimmodzi. "Nanga wanga?" "Nanga bambo a ana anga?" Gologolo anayankha onse, dzina ndi dzina, ndipo dzina lililonse linkadzutsa chiliro chatsopano. Maliro amodzi anasanduka a mudzi wonse.

Adzukulu atanyamula mphasa, Nachisale anadutsa pafupi naye. "Kumanda musabwere, achimwene. Mungakauze anthu kuti adzuka."

Gologolo anatsala yekha pabwalo, nakokera mchira pamsana mpaka kuphimba mutu. Mpaka lero ukakumana naye amathawira kuseri kwa mtengo, nkumasuzumira ndi diso limodzi. Ena amati ndi mantha. Mantha ati? Funsani ife odziwa za eni: nkhope imeneyo ilibe poiika.