Mbatata za Apongozi pa Puloti ya Nyadani

Bwana Kachingwe, mwini mashopu ku Mponela, anaumirira kuti Nyadani awagulitse puloti yake ya m'mbali mwa msewu. Kukana kunali kovuta, poti mwana wa Nyadani ankagwira ntchito kwa bwanayo.

Nyadani anangovomera. Kenako anakabwereketsa ngodya ya pulotiyo kwa apongozi a Kachingwe kuti adzalepo mbatata.

Tsiku losainirana, onse atafika pa pulotipo, loya anati, "Sindingasinthe umwini wina akulimapo. Achoke kaye."

"Ndi mayi akupalirawo," anatero Nyadani. "Ine sandimvera. Kawauzeni ndinu, bwana."

Kachingwe atasuzumira, anavula chipewa n'kukanjuta kuseri kwa galimoto, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi.

"Ndiwaitane, bwana?" anafuula Nyadani.

"Tsitsani mawu, a Nyadani! Pulotiyo khalani nayo."