Chithunzi cha Tadeyo m'dimba la Lusitiya

Inu amene mumati mayi ngati ine sangadziwe za zithunzi za luso, khalani pansi mundimve mpaka ndimalize. Folomu 4 ndinailemba mayeso asanayambe kuphweka, ndipo anthu a m'nkhaniyi ndinkamwa nawo tiyi.

Kalekale ndithu, makamera adakali a filimu, ku Domasi kunali mwamuna wocheka matabwa, dzina lake Tadeyo. Macheka anamuumba thupi, moti akavula malaya amayi opita kudimba ankayamba kuyenda pang'onopang'ono. Mkazi wake Ndaziona ankaziona zimenezi, n'chifukwa chake ankamugulira malaya a manja aatali okhaokha.

Tsiku lina kunabwera Elube, mayi wa situdiyo ya ku Zomba. Anati ku Blantyre kudzakhala chionetsero cha zithunzi, ndipo iye akufuna kujambula mwamuna ali monga anabadwira, atabisidwa ndi masamba ndi maluwa basi.

"Amuna anga? Osavala?" anafunsa Ndaziona. "Madzi osamba ndimawatenthetsera ndine, ndiye oonerera akhale a ku Blantyre?"

"Achemwali, zobisika zibisika," anayankha Elube. "Ine ndikufuna msana ndi mapewa."

Tadeyo anavomera, poti chibadwire anali asanajambulidwepo. Chomwe chinamupweteka kwambiri Ndaziona chinali malo ojambulira. Elube anasankha dimba la maluwa la Lusitiya, mkazi amene Tadeyo anamupatsa chikole kale, ukwati n'kulephereka.  M'mawa wa tsiku lojambula Ndaziona anatenga mafuta a nsatsi n'kumudzoza mwamuna wake msana wonse, akutukutira mumtima.

"Asakanene kuti ndikukusungani motuwa," anatero. Tadeyo atanyamuka, iye anamutsatira chapatali n'kukabisala m'chinangwa.

Tsono mverani zimene aliyense anachita.

Elube anali atazungulira dimbalo masiku atatu, mpaka anapeza nthawi imene dzuwa limalowa pakati pa nthochi n'kugwera pamalo amodzi okha. Pamenepo ndi pomwe anamuimika Tadeyo. Popanda diso la Elube, akanatuluka ngati chitsa chopserera.

Koma Elube anakulira m'tauni. Anaona mtengo woyanga wa nyemba zaubweya zolendewera, naukonda, nati aumange pamapewa pa Tadeyo. Lusitiya anamugwira dzanja.

"Mayi, n'chitedze chimenecho! Mukufuna bambowa athamange buno mpaka kumsika akudzikanda?"

Ndiye Lusitiya anadula tsamba la nthochi losang'ambika, naluka chiluwe cha maungu ndi maluwa ofiira a m'dimba mwake, napereka kwa Tadeyo kuti adziphimbe. Akuti popereka anayang'ana kumbali. Ndaziona m'chinangwa muja sanaone choncho.

Tadeyo anaima chilili ngati mzati, nkhope ili gwa ngati ya pachiphaso. Elube anajambula, anajambula, mpaka filimu inatsala ya chithunzi chimodzi. Pamenepo Lusitiya anayamba kuyandikira ndi duwa lina, akuti akalikonze paphewa. Ndaziona magazi anamuwira. Anavumbuluka m'chinangwa kumbuyo kwenikweni kwa Lusitiya.

"Iwe Tadeyo!"

Tadeyo anacheuka. Mapewa anamasuka, maso anafewa, pakamwa panayamba kumwetulira, mafuta aja akunyezimira padzuwa. Kamera inati khethe.

Chithunzi chimenecho ndicho chinapambana ku Blantyre. Mawu a Chingerezi amene anali pansi pake ndinalemba ndine, ndipo palibe anakonzapo ngakhale chilembo chimodzi. Koma mvula ya chaka chimenecho inadontha mu situdiyo, filimu n'kuonongeka. Panatsala chithunzi chimodzi chokha cha m'felemu, ndipo chitabwerako amayi atatu aja anakumana pakhonde panga, aliyense akuchifuna.

Elube anati, "Ndinachiona m'mutu mwanga chisanakhalepo. Ndichipachika mu situdiyo, aliyense wolowa azichiona."

"Aliyense?" anatero Ndaziona. "Ngakhale atsikana a ku koleji?"

Lusitiya anati, "Maluwawo ndinadzala ndi manja anga, ndipo dimba lija madzi analikokolola. Latsala m'chithunzimu mokha. Ndichiika kuchipinda, sindionetsa munthu."

"Kuchipinda!" Ndaziona anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Amuna anga azikagona kuchipinda kwa Lusitiya! Chithunzichi n'changa. Mafuta ndi anga, mawu amene anawatembenuza ndi anga, mwamunanso ndi wanga. Ndikachitsekera pansi pa sutikesi, ndipo kiyi ndikaponya m'chimbudzi."

"Ndiye ntchito yanga yonse idyedwe ndi mphemvu?" anafunsa Elube.

Lusitiya anayang'anitsitsa chithunzicho, kenaka anayankhula motsitsa mawu. "Mawu anali anu, inde. Koma amene anali kutsogolo ndine. Taonani bwino kumene maso akupenya."

Ndaziona anachilanda n'kuchiyandikitsa kumaso. Anachipendeketsa uku ndi uku. Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, nkhope yotereyi anali asanaionepo, ndipo sanathe kudziwa ngati inali yake. Anaitanitsa Tadeyo.

"Bambo a kunyumba, nenani pamaso pa anthu. Munkayang'ana ndani?"

Tadeyo anakanda m'mutu. "Mayi, dzuwa linali m'maso. Ndinangoona chitenje."

Tsoka lake, tsiku lija Ndaziona ndi Lusitiya onse awiri anavala chitenje cha chigwirizano cha kumpingo.

Anandipempha kuti ndigamule, poti pamudzi ponse wa sukulu ndinali ine. Ndinakana, ndipo chithunzicho anachisiya kwa ine kuti ndisunge mpaka atagwirizana. Sanagwirizane mpaka lero. Chomwe ndinapindula pa nkhani yonseyi ndi ichi: chitenje chimodzi kuchokera kwa Elube, mbewu ya maluwa ofiira kuchokera kwa Lusitiya, kwa Ndaziona moni wouma wa zaka makumi awiri, ndi Tadeyo wa m'felemu amene ali kuseri kwa kabati yanga atayang'ana kukhoma.

Tsono inu okayika aja, ndakalamba nacho chithunzichi ndipo ndikufuna ndichipereke. Ndimupatse Elube kuti dziko lonse lizichiona, Lusitiya kuti azichiona yekha, kapena Ndaziona kuti asadzachionenso munthu?