Theka la Nzimbe

Panali mtsikana wina, dzina lake Mwatitha, amene anzake a ku sekondale ankamutcha Makina. Mphunzitsi asanamalize kulemba samu pa bolodi, iye anali atakweza kale mkono. Njira zonse za m'buku ankaziloweza ngati nyimbo za kwaya, ndipo pa mayeso ankangozikhuthula. Mudzi wonse unkadziwa kuti ameneyu ndi wa ku yunivesite.

Koma mayina a osankhidwa atatuluka, lake panalibe. Masamu anakhoza bwino, maphunziro ena ndi amene anamukokera pansi. Anzake amene ankaonera kwa iye ananyamula zikwama n'kupita. Iye anatsala.

Pafupi ndi msika wa kwawo panali koleji yaing'ono ya m'dera. Inali ya malata akale, yogundana ndi chigayo, moti chigayocho chikayamba kulira mphunzitsi ankachita kufuula. Kumeneko ankaphunzitsa ntchito zamanja, ankaphunzitsanso masamu. Ndipo panali mgwirizano wakuti munthu akaphunzira masamu pamenepo zaka ziwiri, nakhoza mayeso otsiriza, ankaloledwa kukapitiriza ku yunivesite.

Mwatitha analembetsa, koma mtima wake sunali pamenepo. Popita ankadzera kuseri kwa msika kuti anthu a ku tchalitchi kwawo asamuone. M'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni, chikwama chili pamwendo, ngati munthu wodikira basi. Ankati mumtima mwake, "Zonsezi ndinazidziwa kale. Zaka ziwirizi zingotha basi."

Mphunzitsi wa masamu anali Mayi Nasimango, mayi wamfupi, wa manja otuwa ndi choko, amene ankaseka mokweza wophunzira akatulukira chinthu. Mayiwa anali ndi funso limodzi limene ophunzira ankaliopa kuposa mayeso. Funsolo linali lakuti, "Chifukwa chiyani?"

Tsiku lina m'mawa, ali mkati mwa samu yaitali, anafika poti agawe theka ndi kota. Mwatitha anayankha ena asanagwire n'komwe cholembera.

"Ziwiri, madamu!"

"Wakhoza. Wazipeza bwanji?"

"Ndatembenuza kotayo, kenako ndachulukitsa."

"Chifukwa chiyani watembenuza?"

"Ndi lamulo lake, madamu."

"Chabwino," anatero Mayi Nasimango. "Koma tandithandiza, mwanawe. Tinali ndi theka lokha, ndipo taligawa. Nanga zatheka bwanji kuti tapeza ziwiri, zoposa zimene tinali nazo poyamba? Kodi kwanu mukagawa chinthu chimachuluka?"

Mwatitha anayang'ananso pa bolodi. Anangobwereza lamulo lomwe lija chapansipansi. Chigayo chinali chitazima, moti kalasi yonse inamumva.

Mphunzitsiyo sanamuseke. Anangoti, "Mayeso opitira ku yunivesite safunsa yankho lokha. Amafunsanso chifukwa chake. Ndipo kumene ukufuna kupitako ukakumana ndi masamu amene palibe anakulembera njira yoti uloweze."

Mtsikanayo anabwerera kwawo atakwiya. Anatenga buku lake kuti adzitsimikizire kuti mphunzitsi wangomupezerera. Anatsegula lamulo loyamba n'kudzifunsa kuti, chifukwa chiyani? Sanadziwe. Anatsegula lina. Sanadziwenso. Anapitiriza mpaka kumapeto kwa buku, ndipo mkwiyo uja unasanduka mantha. Anaona kuti masamu ake anali ngati nyumba yopaka laimu bwinobwino, koma mitengo yake itadyedwa ndi chiswe.

Tsono pa koleji pomwepo panali kalasi ina ya masana. Inali ya anthu akuluakulu amene anasiya sukulu kalekale, ndipo Mayi Nasimango ankawayambitsa masamu pachiyambi penipeni. Ankaphunzirira m'chisakasa cha udzu kumapeto kwa bwalo. Mipando kumeneko kunalibe, aliyense ankabwera ndi wake. Ophunzira a m'mawa ankaitcha kalasiyo sukulu ya mkaka, ndipo akamadutsa ankalira ngati makanda kuti awaseke.

M'mawa mwake Mwatitha sanakweze mkono ngakhale kamodzi. Nthawi yoweruka itakwana, anzake akulongedza mabuku, iye anaimirira. Ananyamula mpando wake, nausenza pamutu ngati ndowa ya madzi, n'kutuluka. Sanazembe kuseri kwa nyumba ayi. Anadutsa pakati penipeni pa bwalo.

"Makina! Mpandowo ukupita nawo kuti?" anafuula mnyamata wina.

"Ku mkaka," anayankha osacheuka.

Kunali kuseka tsiku limenelo. Ena anaomba m'manja monyoza, ena anamutsatira pang'ono akulira ngati makanda. Koma iye sanabwerere. Atafika m'chisakasa muja, bambo wina wa imvi anasendeza mpando wake nati, "Khalani apa, achemwali. Pano timayamba tonse."

Mayi Nasimango atamuona sanafunse kanthu. Anapita pangodya natenga nzimbe imene anagula ku msika, namupatsa pamodzi ndi mpeni.

"Idule pakati," anatero.

Anaidula.

"Chidutswa chimodzi ika pansi. Limenelo ndi theka. Chinacho chidulenso pakati. Tizidutswa tiwiri tatulukato, kalikonse ndi chiyani pa nzimbe yathunthu ija?"

"Kota, madamu."

"Tsopano yeza. Makota angalowe angati m'theka lili pansilo?"

Mwatitha anagwada pa fumbi. Anagoneka kota imodzi m'mbali mwa theka lija. Inafika pakati. Anagoneka inayo kutsogolo kwake. Inathera ndendende pamene theka linathera. Anayang'ana nzimbe ija, anayang'ana mphunzitsi, anayang'ananso nzimbe.

Mwadzidzidzi analumpha ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Madamu! Madamu! Kugawa ndi kufunsa kuti kachinthu aka kalowamo kangati! Kakakhala kakang'ono, kalowamo kambiri! Ndi chifukwa chake yankho likukula!" Anaima pang'ono, dzanja lili pakamwa, kenako anafuulanso kuposa poyamba. "Dikirani! Mu nzimbe yathunthu muli makota anayi. Ife tili ndi theka la nzimbe, ndiye titenga theka la anayiwo. Kutembenuza kuja n'kumeneku! Si lamulo la munthu ayi, ndi mmene nzimbeyi ilili!"

Mayi Nasimango anaseka mpaka kupukuta misozi ndi dzanja la choko. Amayi a m'kalasimo anaimba nthungululu. Bambo wa imvi uja anati, "Tabwerezaninso pang'onopang'ono, achemwali, nafenso tione." Mtsikanayo anagwadanso nabwereza, ndipo pofotokozera ena anaziona bwino kuposa poyamba. Pomaliza anasenda nzimbe ija n'kugawana kalasi yonse.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa ankaphunzira ndi anzake, masana ankasenza mpando kupita ku chisakasa. Lamulo lililonse limene analoweza kale ankaliswa ngati mtedza kuti aone zili mkati. Tsiku lina ankajambula mzere wa manambala pa dothi n'kumayendapo, mtsogolo ndi chafutambuyo. Tsiku lina ankadula mapepala a ngodya zitatu n'kuwalumikiza kuti aone chifukwa chake ngodyazo zikakumana zimapanga mzere woongoka. Akafika kunyumba ankayamba kufotokoza asanavule nsapato, mpaka mayi ake ankati, "Mwana iwe, ndisiye ndipume!" Koma akatero ankamwetulira, chifukwa mwana wawo anali atayambanso kuseka.

Oseka aja anatopa n'kuleka. Chaka chisanathe, ena mwa iwo anayamba kuoneka pa bwalo masana, mipando ili pamutu.

Mayeso otsiriza atafika, panali funso limene Mwatitha anali asanalionepo m'buku lililonse. Mtima wake unagunda, koma sanali mantha. Kunali kugunda kwa mlenje amene waona mapazi a nyama a lero lomwe. Analiyang'ana funsolo, analiphwanya m'zidutswa zing'onozing'ono, nayamba ndi chimene ankachidziwa motsimikiza. Sitepe ina inabala inzake mpaka anatulukira kutsidya.

Anakhoza, ndipo anapita ku yunivesite. Pa tsiku lonyamuka, kalasi yonse ya masana inamuperekeza ku siteji ya basi ikuimba, bambo wa imvi uja atamunyamulira chikwama. Kumene anapitako masamu anali akuya, ndipo ena anamugwetsa misozi. Koma sanamumize, chifukwa ankadziwa kutsika mpaka pamene phazi likuponda pansi, n'kuyambira pamenepo.

Tsono inu amene mwayamba lero pa koleji ino, tandimverani ine mphunzitsi wanu. Ena mwa inu mwabwera mitu ili pansi, poganiza kuti anzanu anakusiyani. Dzutsani mituyo. Mwapatsidwa chinthu chimene ambiri othamanga sachipeza: nthawi yoti mumvetse. Kuno kalasi ndi yaing'ono, mphunzitsi akudziwani dzina, ndipo mukhoza kufunsa kawiri popanda wokuthamangitsani.

Chimene simukuchimvetsa musachikwirire ndi yankho lolondola. Chivundukuleni. Ngati chikuphunzitsidwa m'chisakasa, pitani m'chisakasamo, akuseke amene akufuna kuseka. Kusekedwa kumatha tsiku lomwelo, koma chimene mwachiona ndi maso anu palibe angakulandeni. Yunivesite siithawa. Ikudikirani, ndipo ikufuna anthu odziwa chifukwa chake.

Tsopano tsegulani mabuku. Ndani ali ndi funso?