Diso pa kabowo ka mpanda

A Makaniko anali munthu wodziwa zonse, ndipo zimene sankazidziwa ankati n'zopanda ntchito. Injini ikangotsokomola, iwo ankatchula matenda ake asanaitsekule n'komwe. Koma kapinga wa pakhomo pawo anawakanika. Chilimwe chimenecho dzuwa linkaswa mtengo, madzi a pampopi ankabwera mwa apo ndi apo, kapinga n'kuuma ngati tsache lakutha.

Vuto linali lakuti pakamwa panali patatsogola kale. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankakwatiwa, ndipo anapempha chinthu chimodzi: zithunzi za ukwati adzajambulitse pa kapinga wa bambo ake.

"Usade nkhawa mwanawe," anatero akudziguguda pachifuwa. "Adzabiriwira mpaka anthu adzavula nsapato."

Kuseri kwa mpanda kunkakhala a Nesi, mayi wopuma pantchito, amene kapinga wawo anali wobiriwira mochititsa kaduka. Dzuwa lomwelo, mpopi womwewo! Awiriwa sankamwerana madzi chifukwa cha mtengo wa gwafa wa a Nesi umene unkayoyolera masamba kwa a Makaniko. Iwo ankasesa masambawo n'kuwaponya kuseri mwaukali, a Nesi n'kuyankha mokoma kuti, "Zikomo achimwene!" Zikomo ameneyu ankawabaya kuposa mwano.

"Abambo, bwanji osangopita kukafunsa mmene amachitira?" anatero akazi awo.

"Ine? Za udzu ndikafunse wobaya jakisoni? Maso ndili nawo."

Maso analidi nawo. Pampanda panali kabowo, ndipo m'mawa uliwonse bambo wamkulu wandevu zake ankawerama n'kumatapo diso. Tsiku lina anaona woweta nkhuku akutsitsa matumba a zitosi kwa a Nesi. Anaseka chamumtima, chinsinsi achigwira. Koma kabowo n'kabowo, sikaonetsa kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali dzenje limene a Nesi ankasanjamo zitosizo pamodzi ndi makoko a kukhitchini ndi masamba a gwafa omwe aja, n'kuzisiya miyezi mpaka zitawolerana n'kuzizira.

A Makaniko anakatenga zitosi za tsiku lomwelo, zamadzimadzi, wilibala pamwamba pa wilibala. "Galimoto ikafooka umaithira mafuta okwanira, osati kuilawitsa," anatero. Anazimwaza masana dzuwa lili paliwombo, n'kukhuthulirapo madzi amene akazi awo ankasungira zochapa.

Fungo linadzuka dzuwa lisanalowe. Ntchentche zinaitanizana ndi abale awo omwe. Zovala zapachingwe zinkanunkha khola, ndipo eni magalimoto ankafotokoza matenda a injini ataima kumsewu, dzanja lili pamphuno.

"Ndi fungo la chitukuko limeneli," ankatero a Makaniko, misozi ikulengeza.

"Chitukuko chanucho muzigona nacho panja," akazi awo anayankha, n'kutseka mawindo.

Fungo litayamba kuchepa, kapinga anaonekera. Anali atapsa yense, bii, ngati wathiridwa asidi wa batire. Mwana uja anabwera kudzaona. Anangoima pakhonde n'kuyamba kulira mwakachetechete. Apa ndiye panawapweteka a Makaniko, chifukwa fungo ankatha kulitsutsa koma misozi ya mwana wawo inawagonjetsa.

Akazi awo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anavala nsapato n'kukagogoda kuseri kwa a Nesi.

Tsiku la ukwati zithunzi zinajambulidwa pa kapinga wa a Nesi. Mwini wake anaima pachipata n'kumauza aliyense kuti, "Vulani nsapato, musandipwetekere udzu." Choncho lonjezo la a Makaniko linakwaniritsidwa ndithu, kungoti pakhomo pa eni. Iwo analowa komalizira, nsapato kumanja, sokosi yobooka chala chili panja, nkhope yakugwa.

A Nesi anawayandikira n'kuwanong'oneza. "Pondani bwino achimwene, masamba omwe munkaponya kuno aja ndi amenewa. Zitosi zaziwisi zimawotcha, zimafuna ziyambe zawola. Ndikanakuuzani tsiku lomwelo, ndi manyowa omwe ndikanakugawirani."

"Nanga munadziwa bwanji kuti ndikufuna?"

"Diso lanu pa kabowo ndinkaliona m'mawa uliwonse. Ine ndinkadikira pakamwa."

Wojambula anakuwa kuti onse amwetulire. Pachithunzi chimene chapachikidwa pabalaza mpaka lero, mkwatibwi akuseka, amayi ake akuseka, a Nesi akuseka kuposa onse, koma bambo a mkwatibwi akuyang'ana chala chawo. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.